Michael Faraday, Mwana wa Mmisiri Wosula Zitsulo

Pamsika wa Chinakanaka, m'boma la Mulanje, pali zinthu zambiri zimene sizingayende popanda magetsi. Chigayo chimalira kuyambira m'mawa, amisiri owotcherera zitsulo amathwanimitsa moto wothobwa m'maso, ndipo dzuwa likalowa nyali zimayaka m'masitolo. Ambiri mwa magetsiwo amachokera kutali, kumakina ozunguzidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire. Munthu amene adatulukira njira yopangira magetsi ndi makina ozungulira otere sadaphunzire sukulu yapamwamba, ndipo masamu ovuta sankawadziwa. Dzina lake adali Michael Faraday.

Faraday adabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, pafupi ndi mzinda wa London, m'dziko la England. Bambo ake, a James Faraday, adali mmisiri wosula zitsulo, koma ankadwaladwala kotero kuti masiku ambiri sankatha kugwira nyundo. M'banjamo mudali ana anayi, ndipo Michael adali wachitatu. Umphawi udali utamanga nthenje pakhomopo. M'chaka cha 1801 chakudya chidakwera mtengo koposa, ndipo padali nthawi imene Michael ankapatsidwa buledi mmodzi kuti amukwanire sabata yathunthu. Kusukulu adangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera pang'ono, basi.

Atakwanitsa zaka 13 adalembedwa ntchito yotumikira pasitolo ya mabuku ya a George Riebau. Masiku amenewo nyuzipepala zidali zodula, ndipo anthu ambiri ankangozibwereka. Ntchito ya Michael idali kuyenda khomo ndi khomo kusiya nyuzipepala, kenaka n'kubwereranso kukazitenga kuti akapatse ena. Patapita chaka, a Riebau adaona kuti mnyamatayo ngwokhulupirika, ndipo mu 1805 adayamba kumuphunzitsa umisiri wosoka mabuku ndi kuwaika zikuto. Maphunziro amenewa adali a zaka zisanu ndi ziwiri.

Michael sankangosoka mabukuwo ayi, ankawawerenganso. M'buku lina lalikulu lotchedwa Encyclopaedia Britannica adapezamo nkhani ya magetsi, ndipo idamukhudza mtima kwambiri. Adawerenganso buku la mayi Jane Marcet lofotokoza za mankhwala ndi m'mene zinthu zimasinthira zikasakanizidwa. Koma iye adali ndi khalidwe limodzi losowa: sankakhulupirira chinthu chifukwa chongoti chalembedwa m'buku. Ankasunga timakobiri take n'kugula mabotolo akale, matabwa ndi tizitsulo kuti ayese yekha ngati zolembedwazo zidali zoona. Ndi zinthu zoterezi adapanga kachipangizo kotulutsa tizaliwali ta magetsi. Madzulo ena ankapita kukamvera maphunziro a sayansi kunyumba kwa munthu wina dzina lake John Tatum, ndipo shileni yolowera ankamulipirira ndi mkulu wake Robert, amene adali wosula zitsulo ngati bambo awo. Bambo awowo adamwalira mu 1810.

Mu 1812 munthu wina wogula pasitolopo adampatsa matikiti oti akamvere Sir Humphry Davy, katswiri wotchuka wa sayansi, pa nyumba ya maphunziro yotchedwa Royal Institution. Michael adapitako kanayi. Adalemba zonse zimene adamva, najambula zipangizo zimene adaona, kenaka adasoka mapepalawo kukhala buku lokongola la masamba pafupifupi 300. Bukulo adalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito.

Davy adamuitana nalankhula naye mokoma mtima, koma adamulangiza kuti asataye umisiri wake, pakuti sayansi siilemeretsa munthu. Langizoli silidali lolakwika. Wosoka mabuku sankagona ndi njala, ndipo Michael adali ndi mayi wamasiye wofunika thandizo. Komabe mu Malichi 1813 wantchito wina wa pa Royal Institution adachotsedwa chifukwa cha ndewu, ndipo Davy adakumbukira mnyamata wa buku lija. Faraday adasiya umisiri umene adauvutikira zaka zisanu ndi ziwiri, nayamba ntchito yotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Malipiro ake adali mashileni 25 pa sabata ndi zipinda ziwiri zogona pamwamba pa nyumbayo.

Mu Okutobala chaka chomwecho Davy adanyamuka ulendo wa ku France, Italy ndi Switzerland, ndipo adamutenga Faraday. Paulendowo mkazi wa Davy ankamuona ngati wantchito wamba, osafuna kuti adye pamodzi ndi mabwana. Zimenezi zidamupweteka mtima mpaka adaganizapo zobwerera kwawo, koma adapirira. Adaonana ndi akatswiri aakulu monga André-Marie Ampère ndi Alessandro Volta, amene adapanga batire loyamba. Pamene ankabwerera ku London mu Epulo 1815, adali ataphunzira zambiri zimene sukulu sikadamupatsa.

Mu 1820 katswiri wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, adaona kuti magetsi akamayenda m'waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imapotoloka. Apa zidadziwika kuti magetsi ndi maginito n'zapachibale. Faraday adabwereza zoyesa zonse za akatswiri enawo, ndipo mu Seputembala 1821 adaimika maginito m'kapu ya mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija, nalendeweretsa waya pambali pake. Atalumikiza batire, wayayo adayamba kuzungulira maginitowo osaima. Ichi chidali chiyambi cha injini zonse zoyendera magetsi, kuphatikizapo ya m'chigayo.

Chimwemwe chake sichidakhalitse. Anthu ena adayamba kunong'ona kuti nzeruyo adaba kwa katswiri wina, William Wollaston, amene adayesapo chinthu chofananako koma chidakanika. Kwa munthu wosauka amene chuma chake chidali mbiri yabwino yokha, mlandu uwu udali woopsa. Faraday adapita yekha kwa Wollaston kukalongosola, ndipo mkuluyo sadamusungire chakukhosi. Chomvetsa chisoni n'chakuti Davy yemwe, mphunzitsi wake, adayesa kutsekereza kuti asalandiridwe m'bungwe la akatswiri la Royal Society. Adalandiridwabe mu 1824, ndipo moyo wake wonse sadaleke kumutchula Davy mwaulemu. M'chaka chomwecho cha 1821 adakwatira Sarah Barnard, wa mpingo wake waung'ono wa Sandemanian. Awiriwa sadakhale ndi ana, koma adalera ana a abale awo.

Funso limodzi lidamusowetsa mtendere zaka khumi. Ngati magetsi amabala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Adayesa kangapo kuika maginito pafupi ndi waya, koma sipadachitike kanthu. Pa 29 Ogasiti 1831 adatenga mkombero wachitsulo, wotambalala masentimita 15, naukulunga mawaya awiri amkuwa, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Pakati pa mawayawo adaikapo ulusi ndi nsalu kuti asakhudzane. Waya woyamba adaulumikiza ku batire, wachiwiri adaudutsitsa pafupi ndi singano ya kampasi. Pamene ankalumikiza batire, singano idagwedezeka kamodzi n'kubwerera pamalo pake. Magetsi adapitirira kuyenda m'waya woyamba, koma singano idangoti zii. Pamene ankachotsa batire, idagwedezekanso, koma molozera mbali ina.

Munthu wina akadanyozera kagwedezeke kakang'onoko. Faraday adazindikira kuti chinsinsi chagona pamenepo. Maginito ongokhala sabala magetsi. Chimene chimabala magetsi ndi kusintha kwa mphamvu ya maginito. Pa 17 Okutobala adalowetsa ndi kutulutsa maginito m'waya wokulungidwa, ndipo singano idagwedezeka nthawi iliyonse imene maginitowo ankayenda. Pa 28 Okutobala adazunguza mbale yamkuwa pakati pa milomo ya maginito aakulu, ndipo magetsi adatuluka mosalekeza. Mbale imeneyi ndiyo kholo la majenereta onse, ndipo mkombero uja ndiwo kholo la mathiransifoma amene amaoneka pamitengo ya magetsi m'mbali mwa msewu.

Koma Faraday sadakhutire ndi kuona kokha. Adafuna kudziwa chimene chimachitika m'waya wachiwiri pa nthawi imene singano yakhala chete. Adaganiza kuti waya amene ali pafupi ndi maginito amakhala mu mkhalidwe wina wobisika, wosaoneka ndi maso ndiponso wosayezeka ndi chipangizo chilichonse chimene adali nacho, ndi kuti magetsi amaoneka pokhapokha mkhalidwewo ukamayamba, ukamakula kapena ukamatha. Zili ngati munthu amene wakwera lole pa Chinakanaka kupita ku Chitakale. Lole ikamanyamuka, amakankhidwira kumbuyo. Ikamayenda liwiro limodzimodzi pamsewu wosalala, samva kukankhidwa kulikonse, ngakhale kuti thupi lake likuthamanga pamodzi ndi loleyo. Ikamaima, amagwera kutsogolo. Mkhalidwe wobisikawu Faraday adautcha electrotonic state. Popeza sadathe kuuonetsa kwa anthu, adausiya, koma ganizolo lidamubwererabe kambirimbiri mpaka ukalamba wake.

Akatswiri ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti mphamvu ya magetsi kapena ya maginito imangodumpha kuchoka pa chinthu china kufika pa chinzake, ndi kuti malo apakati alibe gawo lililonse. Faraday sadavomereze. Ankawaza utuchi wachitsulo papepala limene adaliika pamwamba pa maginito, ndipo utuchiwo unkandanda m'mizere yokhota, yochokera ku mutu umodzi wa maginito kukalowa ku mutu winawo. Kwa iye mizereyi idali umboni wakuti mphamvu imadzaza malo onse ozungulira maginito, ndipo imayenda pang'onopang'ono kudutsa m'malowo.

Pofuna kumvetsa kumene magetsi amakhala, mu Januwale 1836 adamanga chibokosi chachikulu cha matabwa, chotalika mamita oposa atatu ndi theka mbali zonse, nachikuta ndi mawaya amkuwa, mapepala ndi timalata topyapyala. Adachidzaza magetsi amphamvu mpaka zaliwali zinkathetheka kunja kwake. Kenaka adalowa m'katimo ndi makandulo oyaka ndi zipangizo zake zoyezera. M'katimo mudalibe magetsi ngakhale pang'ono, onse adali pakhungu lakunja la chibokosicho. N'chifukwa chake munthu amene ali m'galimoto yachitsulo yotseka mazenera amatetezeka mphenzi ikagwa, pamene wousa mvula pansi pa mtengo amaika moyo wake pachiswe.

Ntchito imene adagwira mu 1837 siitchuka ngati ya jenereta, koma ndi imene idaonetsa kuzama kwa nzeru zake. Zinthu zili m'magulu awiri. Zina, monga mkuwa ndi chitsulo, zimalola magetsi kudutsa. Zina, monga galasi, labala, pepala louma ndi mpweya, sizilola. Anthu ankayesa kuti zinthu za gulu lachiwirizi zimangotchinga njira ngati mpanda, ndipo m'kati mwake simuchitika kanthu. Faraday adafuna kuyesa ngati zimenezi zidali zoona.

Adapangitsa zipangizo ziwiri zofanana ndendende. Chilichonse chidali mpira wachitsulo woikidwa m'kati mwa mpira wina wokulirapo, osakhudzana, ndipo pakati pake padatsala mpata. Chipangizo chotere chimasunga magetsi monga mtsuko usungira madzi. Adadzaza magetsi m'chipangizo choyamba, nayeza mphamvu yake, kenaka adachikhudzitsa ku chachiwiri kuti zigawane. Mipata yonse iwiri ikakhala ndi mpweya wokha, zinkagawana pakati ndi pakati: muyezo umene udali pa 100 unkatsikira pa 50. Tsono m'mpata wa chipangizo chachiwiri adaikamo shelaki, utomoni wouma wopangidwa ndi tizilombo tina ta ku India, kufikira theka la mpatawo. Atagawanitsanso, muyezo udatsika kupitirira theka. Masamu ake ngosavuta. Ngati 100 watsikira pa 40, ndiye kuti chipangizo choyamba chatsala ndi magawo 40, ndipo magawo 60 apita ku chinzake. Zipangizozo n'zofanana kukula, koma cha shelaki chatenga kamodzi ndi theka. Faraday adawerengera kuti shelaki atadzaza mpata wonse, chipangizocho chingasunge magetsi pafupifupi kawiri. Adayesanso galasi ndi sulufule, ndipo chilichonse chidaonetsa muyezo wakewake.

Choncho chinthu chapakati chija sichidali mpanda chabe. Koma chinkathandiza bwanji, pamene magetsi sadutsamo?

Magetsi alipo a mitundu iwiri. Pa batire la tochi, mtundu wina umalembedwa ndi chizindikiro cha kuphatikiza (+), winawo ndi cha kuchotsera (−). Magetsi ofanana amakankhana, osiyana amakokana. Chinthu chilichonse chidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo m'kanthu kalikonse muli mitundu iwiri yonseyi mofanana. Mu mkuwa, ena mwa magetsiwo ngomasuka, amayenda kuchoka kumapeto kuno kufika kumapeto uko ngati mbuzi za m'chilimwe zimene zimangodziyendera. M'galasi ndi mu shelaki magetsi onse ngomangika. Ali ngati mbuzi ya m'dzinja yomangidwa pachikhomo. Ikaona chimanga, imakoka chingwe mpaka kuthina, mutu utaloza kumunda, koma pachikhomopo siichoka. Momwemonso mphamvu ya magetsi ikafika pa shelaki, m'kanthu kalikonse magetsi a kuphatikiza amasendera pang'ono mbali imodzi, a kuchotsera mbali inayo. Kanthuko kamakhala ndi mutu ndi mchira, ndipo tonse timaloza kumodzi.

Ana akafola pamzere m'mawa, nkhope ya uyu imayang'ana nkhongo ya uyo mpaka mzere wonse. Woima kutsogolo amaona nkhope imodzi yokha, woima kumbuyo amaona nkhongo imodzi yokha. M'kati mwa shelaki zimateronso. Mutu wa kanthu aka umagundana ndi mchira wa kanzake, ndipo mphamvu zawo zimafafanizana. Kumapeto kokha ndiko kumatsala magetsi opanda mnzawo, a kuphatikiza mbali iyi, a kuchotsera mbali inayo. Magetsi omangika a kumapetowa amayang'anizana ndi magetsi a pa mpira wachitsulo, ndipo popeza ngosiyana nawo mtundu, amachepetsa kukankhana kwawo. Mwa njira imeneyi pa mpirapo pamapezeka malo a magetsi ena owonjezera.

Mwana aliyense angathe kudzionera yekha zimenezi. Atenge chipeso cha pulasitiki, achikweche pa tsitsi louma, kenaka achiyandikize pa tizidutswa ta pepala. Tizidutswato timadumpha n'kukakamira kuchipesoko, chonsecho palibe amene watipatsa magetsi. Chimene chachitika n'chakuti chipeso chatola magetsi a kuchotsera kutsitsi. Chikayandikira, magetsi omangika a m'pepala amatembenuka: a kuphatikiza amasendera kufupi ndi chipeso, a kuchotsera amasendera kutali. Oyandikira amakokedwa mwamphamvu kuposa m'mene akutaliwo akankhidwira, ndipo pepala limanyamuka. Zimenezi zimatheka bwino m'miyezi youma ya Seputembala ndi Okutobala. Tsiku la chiperoni, pamene phiri la Mulanje labisika m'nkhungu, zimavuta, chifukwa chinyezi chimathawitsa magetsi a pachipeso.

Faraday adafotokoza zonsezi zaka 60 J. J. Thomson asadatulukire, mu 1897, kanthu kakang'ono konyamula magetsi a kuchotsera kotchedwa elekitironi. Dzina la zinthu zimene magetsi ake ngomangika, lakuti dielectric, adamuthandiza kupeka ndi mnzake wophunzira kwambiri, William Whewell. Padalinso katswiri wina, Henry Cavendish, amene adayezapo zofanana ndi izi kale Faraday asadabadwe, koma adangotsekera mapepala ake m'nyumba, ndipo adasindikizidwa mu 1879. Faraday sadali wotero. Chilichonse chimene ankapeza ankachilemba ndi kuchifalitsa. M'mabuku ake a tsiku ndi tsiku ankaika nambala pa ndime iliyonse, kuphatikizapo zoyesa zimene zidalephereka, ndipo nambalazo zidafika 16,041.

Ntchito yosapumira idamufoola. Mu 1839 adayamba kumva chizungulire ndi kuiwalaiwala, ndipo kwa zaka zingapo sadathe kugwira ntchito yolemetsa. Anthu ena adayesa kuti nzeru zake zathera pomwepo. Koma mu Seputembala 1845 adadutsitsa kuwala m'galasi lolemera limene adaliika pafupi ndi maginito amphamvu, napeza kuti maginito amapotoza kuwalako. Umenewu udali umboni woyamba wakuti kuwala nakonso n'kwapachibale ndi magetsi ndi maginito.

Ngakhale adatchuka chotero, akatswiri ambiri a masamu ankaona maganizo ake a mizere ya mphamvu ngati nkhambakamwa za munthu wosaphunzira. Ankalandira zimene manja ake adapeza, koma osati zimene mutu wake unkaganiza. Amene adamumvetsa adali mnyamata wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, wobadwa mu 1831, chaka chomwe chija cha mkombero wachitsulo. Mu 1855 ndi 1856 Maxwell adalemba maganizo a Faraday m'chilankhulo cha masamu. Adaonetsa kuti mkhalidwe wobisika uja, umene Faraday adausiya, ungathe kuwerengeredwa, ndi kuti pamalo paliponse uli ndi kukula kwake ndi kumene ukuloza. Ukamasintha mofulumira, magetsi obadwa m'waya amakhalanso amphamvu. Akatswiri amautcha vector potential, ndipo ophunzira sayansi m'masukulu aukachenjede amathetsa nawo masamu a magetsi ndi maginito. Faraday atalandira zolemba za Maxwell mu 1857 adakondwa, ngakhale masamuwo adamuopsa poyamba. Mu 1865 Maxwell adaonetsa kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito, ndipo mu 1888 Heinrich Hertz wa ku Germany adatsimikiza kuti mafunde otere alikodi. Ndi mafunde amenewa amene amanyamula mawu a wailesi ndi a foni.

Faraday akali moyo, mu 1859, David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire napeza mathithi amene adatsekereza sitima yake. Kwa iye mathithiwo adali chopinga. Patapita zaka zoposa 100, mu 1966, pa mathithi a Nkula padatsegulidwa malo opangira magetsi a mamegawati 24, ndipo pambuyo pake padamangidwa ena pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nawo madzi otsika m'phiri la Mulanje amagwira ntchito yomweyi pa mtsinje wa Ruo ndiponso pa mtsinje wa Lichenya ku Bondo. Malo onsewa madzi amazunguza makina, makinawo amasuntha maginito pafupi ndi mawaya okulungidwa, monga m'mene Faraday adachitira ndi dzanja lake mu Okutobala 1831. Nato tizipangizo tosunga magetsi ta m'wailesi ndi m'foni, totchedwa makapasita, tili ndi kanthu kosadutsa magetsi pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo muyezo wake umatchedwa farad pokumbukira iyeyo.

Boma ndi mabungwe ankamufuna pa ntchito zambiri. Kuyambira 1836 mpaka 1865 adali mlangizi wa bungwe la Trinity House loyang'anira nsanja za nyali zotsogolera sitima zapanyanja, ndipo ankakwera nsanjazo ngakhale atakalamba. Mu 1844 adatumidwa kukafufuza ngozi ya mu mgodi wa malasha wa Haswell, m'mene mudafa anthu 95, ndipo adachenjeza kuti fumbi la malasha limakulitsa moto wa mu mgodi. Koma atafunsidwa kuti athandize kupanga mpweya wakupha woti ugwiritsidwe ntchito pa nkhondo ya ku Crimea, adakana. Adakananso kukhala pulezidenti wa Royal Society, bungwe lomwe lija limene Davy sadafune kuti alowemo. Ntchito za makampani zimene zikadamulemeretsa adazisiya kuti apeze nthawi yofufuza.

Chimene ankachikonda koposa chidali kuphunzitsa ana. Pa nyengo ya Khirisimasi ana ankadzaza chipinda chachikulu cha Royal Institution, ndipo iye adawaphunzitsa pa nyengo zotere zokwana 19. Maphunziro ake otchuka adali a kandulo: chifukwa chimene phula limakwerera m'chingwe, kumene lawi limatentha kwambiri, ndi kumene kandulo imapita ikatha. Maphunzirowa adasindikizidwa kukhala buku mu 1861.

Mu 1858 Mfumukazi Victoria idampatsa nyumba ku Hampton Court kuti akhalemo ndi mkazi wake. Kuiwala kudakulirakulira. Mu Malichi 1862 adayesa komaliza, kufuna kuona ngati maginito angasinthe kuwala kwa lawi la moto. Sadaone kanthu, chifukwa zipangizo zake zidali zofooka, koma mu 1896 Pieter Zeeman wa ku Netherlands adayesanso ndi zipangizo zabwino napeza kuti kusinthako kulipodi. Zaka zake zomaliza Faraday ankangokhala pampando, kuyang'ana kunja pazenera.

Adamwalira pa 25 Ogasiti 1867, ali ndi zaka 75. Iye adali atanena kale kuti safuna kuikidwa ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu ndi anthu otchuka a dzikolo. Abale ake ndi anzake owerengeka adakamuika kumanda a Highgate ku London. Pamwala wa pamanda ake adalembapo dzina lake, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Mkazi wake Sarah adamwalira mu 1879, ndipo adaikidwa pamanda omwewo.